Kodi mumadziwa? Wayne Gretzky, mwini nambala 99

Kodi mumadziwa kuti Wayne Gretzky wa ku Canada akanakhalabe patsogolo pa mapointi mu ligi ya NHL ngakhale akanapanda kumwetsa chigoli n'chimodzi chomwe? Pa masewero a ice hockey, omwe amaseweredwa pa madzi oundana, pointi imapita kwa womwetsa ndiponso kwa amene wamupatsira. Gretzky anapatsira anzake maulendo 1,963 omwe anabala zigoli. Womutsatira, Jaromír Jágr, akaphatikiza zigoli ndi kupatsira komwe amangofika pa 1,921. Mapointi onse a Gretzky ndi 2,857.

Nanga mumadziwa kuti zonsezi zinayambira kuseri kwa nyumba? Gretzky anabadwa mu 1961 ku Brantford, ndipo bambo ake, a Walter, ankathira madzi pabwalo nyengo yozizira kuti aundane, ana azisewererapo. Ali ndi zaka 6 anamuika m'timu ya ana a zaka 10. Jezi inkamukulira, choncho ankaipisira mbali yakumanja, ndipo chizolowezi chimenechi sanachisiye mpaka anapachika jombo mu 1999.

Ankafuna nambala 9 ya Gordie Howe, wosewera yemwe ankamusirira, koma atalowa timu ya ku Sault Ste. Marie anapeza wina ataitenga kale. Anavala 99. Lero palibe timu ya NHL yololedwa kupereka nambala imeneyi.

Sanali wadzitho, sanalinso waliwiro kuposa anzake. Mphamvu yake inali m'maso. Ankakonda kuima kuseri kwa golo la adani, malo omwe anthu anafika powatcha ofesi yake. Pamenepo goloboyi ankasowa koyang'ana: akacheukira Gretzky, mnzake walowa kale kutsogolo. Ndi Edmonton Oilers anatenga chikho cha Stanley Cup mu 1984, 1985, 1987 ndi 1988, ndipo sizoni ya 1981-82 anamwetsa zigoli 92. Pamene anamugulitsa ku Los Angeles Kings mu Ogasiti 1988, anagwetsa misozi pamaso pa atolankhani.

Zigoli zake 894 zinakhala zosafikirika mpaka mu Epulo 2025, pamene Alex Ovechkin anazidutsa.

Koma kodi mumadziwa kuti uphunzitsi unamukana? Anatsogolera Phoenix Coyotes kuyambira 2005 mpaka 2009: anapambana masewero 143, kugonja 161, ena 24 n'kugonja m'nthawi yowonjezera. Ndime ya chipulula sanaifike ngakhale kamodzi. Chilungamo chake, timuyo inali yofooka ndipo ndalama zinkaivuta, moti pamene ankatula pansi udindo mu Seputembala 2009 nkhani ya ngongole zake inali m'khoti. Komabe ine ndimaona kuti vuto lina linali lakuti maso ngati ake sungawaphunzitse munthu.

Kusankha osewera ndiye ankakutha. Mu 2002 ndiye anali mkulu woyendetsa timu ya Canada yomwe inatenga mendulo ya golide pa Olimpiki ku Salt Lake City, patatha zaka 50 dzikolo likuisowa.