WAILESI YA KASETI NDI CD: KAGWIRITSIDWE NTCHITO NDI KASAMALIDWE KAKE

Nkhani yathu ya lero tiikambira ku Migowi, m'boma la Phalombe, pafupi ndi phiri la Michesi. Tikamba za chipangizo chimene chimapezeka m'nyumba zambiri: wailesi yonyamula m'manja ija, yokhala ndi masipika awiri, khomo la kaseti kutsogolo ndiponso chivundikiro cha chimbale cha CD pamwamba. Ena adaigula pamsika, ena adabwera nayo kuchokera ku Joni, ndipo ena adachita kusiyiridwa ndi makolo awo. Kabuku ka malangizo kadatayika kalekale. Sizodabwitsa tsono kuti mawailesi ambiri otere angokhala pamwamba pa kabati atafunditsidwa kansalu, eni ake n'kumati adafa, chikhalirecho chimene chidavuta n'chaching'ono.

Tasankha Migowi pa chifukwa. Anthu a ku Phalombe sadaiwale za napolo amene adatsika m'phiri la Michesi mu Malichi 1991 ndi kupha anthu mazanamazana. Sadaiwalenso namondwe wa Freddy amene adasakaza maboma a kumwera mu Malichi 2023. Pa nthawi ya Freddy milatho idakokoloka, misewu idaduka, magetsi adazima m'madera ambiri, ndipo mafoni a anthu adatha moto. Pa masiku otere, chimene chimabweretsa uthenga wa a zanyengo ndi malangizo a boma pakhomo ndi wailesi ya mabatire. Choncho kudziwa kuigwiritsa ntchito bwino si nkhani ya nyimbo zokha ayi.

Zipangizo zitatu, chakudya chimodzi

Wailesi idayamba kufala pakati pa anthu a kuno kuyambira mu 1949, pamene kudabwera kawailesi kotsika mtengo kotchedwa Saucepan Special, kamene anthu ankamverapo mapologalamu a Chinyanja ochokera ku Lusaka. Nyumba yathu ya MBC idakhazikitsidwa mu 1964, ndipo achikulire akukumbukira mawailesi a Nzeru amene ankalumikizidwa ku Blantyre. Kaseti idapangidwa ndi kampani ya Philips mu 1963, pamene chimbale cha CD chidatuluka mu 1982 kuchokera ku makampani a Philips ndi Sony. Chimene chili pakabati panu, tsono, ndi zipangizo zitatu za mibadwo yosiyana zimene adazisonkhanitsa m'bokosi limodzi.

Mfundo yaikulu yoyenera kuigwira ndi iyi: zitatuzi zimadyera m'mbale imodzi, koma sizidya mofanana. Wailesi ilibe chilichonse chozungulira m'kati mwake, motero imadya moto wochepa. Kaseti ili ndi kainjini kokoka tepi. CD ili ndi kainjini kozunguza chimbale, kenanso koyendetsa diso lowerengera chimbalecho. Mabatire amene angakusungeni masiku ambiri mukumvera nkhani amatha msanga kwambiri mukamaliza nawo zimbale. Kukweza mawu mpaka pamapeto nako kumamaliza moto.

Pali batani limodzi limene limasankha choti chidye. Kawirikawiri limalembedwa kuti FUNCTION, ndipo lili ndi malo atatu: RADIO, CD ndi TAPE. Pa mawailesi ambiri malo a TAPE ndi amenenso ali pozimitsira. Mukatha kumvera, bwezerani batanilo pamenepo. Mukalisiya pa RADIO mutangotsitsa mawu, mabatire amakhala akutha usiku wonse inu muli mtulo.

Za moto

Batire lililonse lalikulu lija lili ndi mphamvu ya mavoti 1.5. Wailesi yolowa mabatire 6 imafuna mavoti 9, ndipo yolowa mabatire 8 imafuna mavoti 12. Poika mabatire tsatani zizindikiro za + ndi − zimene zajambulidwa m'chipinda chake. Musasakanize atsopano ndi akale, chifukwa akalewo amafooketsa anzawo ndipo amayamba kutuluka madzi. Madzi amenewa ndi amene amadya tizitsulo ta m'kati ndi kuchititsa dzimbiri. Ngati wailesi ikhala mwezi wathunthu osaigwiritsa ntchito, chotsanimo mabatire. Mukaona zoyerayera pa tizitsulo, palani pang'onopang'ono mpaka chitsulo chiwale, ndipo mukatero sambani m'manja. Mawailesi ambiri amene amati adafa amadzuka ndi ntchito yokhayi. Mabatire otha musawaponye pamoto kapena pafupi ndi chitsime, ndiponso ana asaseweretse.

Amene muli ndi magetsi a ESCOM, dziwani kuti mphamvu yake ndi mavoti 230. Ngati kuseri kwa wailesi kuli kabatani kosankhira pakati pa 110 ndi 220 kapena 240, onetsetsani kuti kali pa nambala yaikuluyo musanalumikize. Palinso chinthu china chimene chimasokoneza ambiri. Pa mawailesi ochuluka, chingwe cha magetsi chikangolowa kuseri, mabatire amaleka kugwira ntchito. Magetsi akazima, wailesi imakhala chete ngakhale muli mabatire atsopano. Kuzula chingwe kukhoma kokha sikukwanira. Chizuleni ku wailesi komweko, ndipo idzalankhula. Mvula ya ziphaliwali ikayamba, zulani chingwecho musanauzidwe, mumvere pa mabatire.

Amene mumatenga moto ku batire la sola kapena la galimoto, kumbukirani kuti limatulutsa mavoti 12. Kulilumikiza ku wailesi ya mavoti 9, kapena kusemphanitsa mawaya, kumaotcha wailesi m'kanthawi kochepa. Pitani nayo kwa wokonza mawailesi akuonetseni. Paja safunsa adadya phula.

Kutchera wailesi

Batani lolembedwa BAND limasankha njira imene mawu adzere: FM, MW imene ena amalemba AM, ndipo pa mawailesi ena palinso SW. Nyumba zoulutsira mawu za m'Malawi masiku ano zimamveka makamaka pa FM, pakati pa manambala 87.5 ndi 108. Mafunde a FM amayenda molunjika ndipo phiri limawatchinga. N'chifukwa chake m'midzi ina ya m'mphepete mwa Michesi ndi Mulanje, siteshoni imene ikumveka bwino pakhomo pina imachita phokoso pakhomo loyandikana nalo. Solorani eriyo yonse, muitembenuze uku ndi uku, ndipo ngati nyumba ndi ya malata sunthirani wailesi pawindo kapena pakhonde. Mawu akamamvekabe ndi mkokomo, funani kabatani kolembedwa MONO. Mawu adzatuluka ofanana m'masipika onse awiri, koma adzayera.

Pa MW nkhani ndi ina. Eriyo yake si yachitsulo yooneka ija. Ili m'kati mwa bokosi, motero muyenera kutembenuza wailesi yonse mpaka mawu amveke bwino. Usiku mafunde a MW amafika kutali kuposa masana, ndipo mungathe kumva nyumba za mawu za m'maiko oyandikana nafe. Potchera, zungulizani batani la TUNING modekha, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Mukaipeza siteshoni imene imaulutsa nkhani ndi zanyengo momveka bwino kwanuko, ikani kachizindikiro pagalasi la manambala, kuti ngakhale mwana athe kuipeza mumdima ndi tochi.

Kaseti

M'kati mwa kaseti muli tepi yopyapyala yopakidwa fumbi la chitsulo, ndipo mawu amasungidwa pafumbilo mwa mphamvu ya maginito. Tepiyo imayenda masentimita 4.76 pa sekondi iliyonse ndi kudutsa pa kamutu kachitsulo kamene kamawerenga mawuwo. Chimene chimaikoka ndi kamtengo kachitsulo kozungulira pamodzi ndi kagudumu ka labala, zimene zimaipana pakati. Kaseti yolembedwa C60 imatenga mphindi 30 mbali iliyonse, ndipo ya C90 imatenga mphindi 45.

Wailesi ikamatafuna matepi, kawirikawiri cholakwa chimakhala pa kagudumu ka labala kaja, kamene kachita litsiro n'kuyamba kumata. Tsekulani khomo la kaseti, mukulunge thonje kumtengo wa machesi, mulinyowetse pang'ono ndi sipiriti, ndipo mupukute kamutu, kamtengo ndi kagudumuko mpaka thonje lileke kuda. Dikirani ziume musanaike kaseti. Musakande kamutu ndi mpeni kapena singano. Musanalowetse kaseti, yang'anani ngati tepi yalendewera, ndipo ngati ndi choncho ikungeni ndi bolopeni kapena pensulo. Bolopeni yomweyo ingakuthandizeni kubweza tepi kumayambiriro popanda kuononga mabatire. Nthawi zonse dinizani STOP musanadinize batani lina, ndipo musakakamize khomo kutseguka tepi ikuyenda.

Mawu a woimba akayamba kukoka ngati munthu wotopa, mabatire afooka. Musawataye msanga, pakuti mabatire amene alephera kukoka tepi amathabe kuliza wailesi kwa kanthawi. Koma ngati mabatire ndi atsopano, kainjini kakumveka kulira, tepi osayenda, ndiye kuti lamba wa labala wa m'kati wamasuka kapena waduka. Ameneyu wokonza mawailesi amasintha mosavuta.

Kujambula mawu

Pojambula, ikani kaseti yopanda kanthu, musankhe RADIO kapena CD, mudinize PAUSE, kenaka RECORD pamodzi ndi PLAY. Zimene mukufuna zikayamba, masulani PAUSE. Kumayambiriro kwa tepi kuli kachigawo koyera kamene sikagwira mawu, choncho kapitirireni kaye. Jambulani ndi mabatire amphamvu kapena pa magetsi. Mukajambula ndi mabatire ofooka tepi imayenda pang'onopang'ono, ndipo tsiku limene mudzaimvere ndi moto wokwanira, mawu a agogo adzathamanga ndi kumveka ngati a kamwana.

Pamwamba pa kaseti pali timapulasitiki tiwiri, kamodzi ka mbali iliyonse. Mukathyola kamene kali kumanzere pamene mbali imene mwajambulayo yayang'ana kwa inu, batani la RECORD limakana kutsika, ndipo palibe angafufute mawuwo mwangozi. Mukadzafuna kujambulaponso, matani bowolo ndi selotepi.

Ngati wailesi yanu ili ndi maikolofoni, ili ndi ntchito ina yofunika. Ku Phalombe kuli achikulire amene amalankhula Chilomwe chenicheni, amadziwa nthano, nyimbo za tchopa ndi mbiri ya mabanja awo, pamene adzukulu ambiri akula ndi Chichewa chokha. Apempheni chilolezo, muwakhazike pamalo opanda mphepo, maikolofoni italikirane ndi pakamwa ngati kutalika kwa mkono, ndipo poyamba atchule dzina, mudzi ndi tsiku. Paja mawu a akuluakulu amakoma akagonera. Komabe tepi siikhala muyaya. Makaseti akale a maukwati, makwaya ndi mauthenga a abale amene adali kunja, alizeni m'chipinda chachete ndi kuwajambulanso pa foni, kuti akhale pawiri. Tikumbutsanenso kuti kukopera nyimbo za oimba n'kumagulitsa popanda chilolezo n'kulakwira lamulo, ndipo bungwe la COSOMA, limene lidakhazikitsidwa mu 1992, ndilo limayang'anira zimenezi.

Chimbale cha CD

Chimbale cha CD n'chotambalala masentimita 12 ndipo chimasunga nyimbo za mphindi 74 mpaka 80. Palibe singano yochikhudza monga zidalili ndi galamafoni. Kuwala kochokera m'kadiso kagalasi ndiko kumawerenga kunsi kwa chimbale, kuyambira pakati kupita kumphepete. Ikani chimbale mbali yolembedwa ili kumwamba, mutseke chivundikiro, mudikire nambala ya nyimbo ioneke, ndipo mudinize PLAY.

Chimbale chigwireni m'mphepete ndi pabowo lapakati. Chikada, pukutani ndi kansalu kofewa kuchokera pakati kupita kunja, osati mozungulira ayi. Mbali yolembedwa isamaleninso, chifukwa pamene pasungidwa nyimbo pali pafupi kwambiri ndi mbali imeneyo, ndipo ikakandika chimbale chatha. Nyimbo zikamadumpha, onani ngati wailesi yakhala pamalo osagwedera, ngati chimbale n'choyera, ndiponso ngati mabatire ali ndi mphamvu. M'mawa wozizira wa mwezi wa Juni kapena Julaye kadiso kamachita nthunzi, ndipo wailesi imakana chimbale. Chotsani chimbalecho, mudikire ngati ola limodzi kuti nthunziyo iume. Kadisoko musakakhudze ndi chala, ndipo musasuzumiremo wailesi ili yoyaka. Dziwaninso kuti mawailesi akale ambiri sawerenga zimbale za MP3 zojambulidwa pa kompyuta. Kukana koteroko si matenda.

Posunga

Adani a chipangizochi ndi fumbi, chinyezi, dzuwa ndi mphemvu. M'chilimwe, pamene mphepo ikuulutsa fumbi m'chigwa cha Phalombe, khomo la kaseti ndi chivundikiro cha CD zikhale zotseka. Musaisiye kukhitchini kumene kuli utsi. Makaseti ndi zimbale zimapindika zikakhala padzuwa, ndipo kaseti ikagona pamwamba pa sipika yaikulu, maginito a sipikayo amafooketsa mawu ake.

Tisanatsazikane, tikupempheni chinthu chimodzi. Mvula isanayambe mu Novembala, tsitsani wailesi ija pakabati, muipukute ndi kuiyesa. Gulani mabatire okwanira kudzaza wailesi kamodzi, muwakulunge m'pepala la pulasitiki, muwasunge pamalo okwera ndi ouma pamodzi ndi tochi ndi ziphaso za banja. Apabanja onse adziwe kuti mabatire amenewo si a zimbale kapena makaseti ayi, ndi omvera nkhani pa tsiku la mavuto. Mukamva chenjezo la nthambi ya zanyengo, kauzeni anansi amene alibe wailesi ndiponso amfumu, ndipo akuluakulu akati samukirani kumtunda, nyamukani nthawi ikadalipo, wailesi ili m'manja.