Kumsika nakonso munthu amaphunzira bizinesi

Mphwanga wa ku Lizulu anandipeza tsiku lina ali khuma. Digiri ali nayo, ndipo akufuna kukachita MBA ku MUBAS, yomwe tinkaitchula kuti Polytechnic isanaime payokha mu 2021. Chomudetsa nkhawa n'chakuti sanalembedwepo ntchito ya muofesi.

Ndinamufunsa kuti, "Nanga zaka zonsezi wakhala ukupikula kachewere ku Tsangano n'kumakagulitsa ku Blantyre, unkasewera?"

Sukulu za bizinesi zimafuna anthu ogwirapo ntchito chifukwa m'kalasimo ophunzira amagawana zimene anakumana nazo. Munthu amene amanenerera mtengo kwa mlimi, kulipira mwini lole, kutaya matumba oola panjira, koma n'kutsalabe ndi phindu, sangasowe chonena.

Komabe pakamwa pokha sipakwanira. Ndinamulangiza kuti alembetse bizinesi yake kuboma, azilemba m'kabuku ndalama zolowa ndi zotuluka, ndipo malipiro azidutsira kubanki, pa Mpamba kapena pa Airtel Money kuti umboni uzitsala. M'kalata yofunsira malo atchule manambala enieni: matumba angati pamwezi, aganyu angati. Apezenso omuchitira umboni awiri, mphunzitsi wake wa kuyunivesite ndi munthu amene amachita naye malonda.

Asanalipire fomu, ayambe wafunsa kusukuluko ngati amavomera munthu wodzilemba yekha ntchito. Akakana, apirire chaka china akukuza mpamba ndi kusunga mapepala.

Achinyamata a ku Ntcheu, musadziderere. Yambani lero kulemba zimene mukuchita pamsikapo.