Mphaka Wokalamba ndi Mbalame za M'thengo

M'mabanja ambiri mwathu muno mphaka timamuŵeta chifukwa cha makoswe. Akali wamng'ono ana amamunyamula ndi kuseŵera naye, ndipo akakula nayamba kugwira makoswe m'nkhokwe ndi kudenga, aliyense amamuyamikira. Koma zaka zikapita, mano nayamba kuguluka, miyendo niyamba kuuma, chikondi chija chimazirala. Ena amangoleka kumpatsa chakudya, amvekere mphaka amadzisakira yekha. Ena amamuika m'thumba ndi kukamtaya kuthengo, pamodzi ndi tiana ta amphaka timene asoŵa wotipatsa. Tifuna kukambirana nanu, makolo ndi achinyamata, za mchitidwe umenewu, pakuti umazunza mphakayo ndiponso umapululutsa mbalame zimene iye adzayamba kudya kumene watayidwako.

Zimene zidachitika pa chilumba cha Marion

Kuti tione kukula kwa nkhaniyi, tiyeni tiyambe tamva zimene zidachitika kutali. Kum'mwera chakum'maŵa kwa mzinda wa Cape Town, pa mtunda wa makilomita pafupifupi 2,000 pakati pa nyanja yamchere, pali chilumba chozizira kwambiri chotchedwa Marion, chimene chili m'manja mwa dziko la South Africa. Pachilumbapo sipakhala anthu ena koma okhawo otumidwa kukayesa za nyengo ndi kufufuza za chilengedwe. Eni ake a malowo ndi mbalame za kunyanja. Zambiri mwa izo, za mtundu wotchedwa petrel, zimakumba una pansi ngati mbeŵa, ndipo m'menemo zimaikira dzira limodzi lokha pa chaka.

M'chaka cha 1949 anthu oyesa za nyengo aja adatopa ndi mbeŵa zimene zinkaloŵa m'nyumba zawo, ndipo adabweretsa amphaka asanu. Maganizo awo adali abwino ndithu, monga momwe ifenso timaganizira tikamakapempha kamwana ka mphaka kwa anansi athu. Koma amphakawo adaswana, ana awo nafalikira m'chilumba chonse opanda mwini. Kukoka mbalame m'una mwake kudali kwapafupi kwa iwo kusiyana ndi kuthamangitsa mbeŵa, ndiponso nyama yake idali yambiri. Pofika 1977 amphaka adalipo pafupifupi 3,400, ndipo akatswiri adaŵerengera kuti ankapha mbalame zoposa 450,000 chaka chilichonse. Mtundu umodzi wa mbalamezo udalekeratu kuswana pachilumbapo.

Kukonza zimenezi kudatenga zaka 14. Mu 1977 akatswiri adaloŵetsa dala matenda opha amphaka, ndipo pofika 1982 adatsala ngati 600. Otsalawo adasakidwa usiku ndi mfuti, ena nakodwa m'misampha, kufikira adatha onse mu 1991. Mbeŵa zija, zimene amphaka adaitanidwira, sizidathe, ndipo kuyambira 2003 zakhala zikuoneka zikudya ana a mbalame zikuluzikulu zotchedwa albatross ali amoyo m'zisa zawo. Amphaka zikwi adafa imfa yoŵaŵa, mbalame zosaŵerengeka zidatha, ndipo gwero lake lidali ziŵeto zisanu zimene zidasiyidwa kuswana popanda woziyang'anira. Paja akuluakulu adati chaona mnzako chapita, maŵa chili pa iwe.

Mphaka wopanda mwini ndiye amapha zambiri

Mwina wina anganene kuti zimenezo nza pachilumba, pamene mbalame zidali zisanaonepo mphaka. Nzoona, koma ngakhale kumtunda vutoli lilipo. Mu 2013 akatswiri a ku United States adasindikiza zimene adapeza, zakuti m'dziko lawolo amphaka amapha mbalame pakati pa 1.3 biliyoni ndi 4 biliyoni pa chaka. Mwa mbalame 10 zilizonse zophedwa chotero, pafupifupi 7 zimaphedwa ndi amphaka opanda mwini, ndiwo otayidwa, osokera ndi ana awo obadwira kutchire. Choncho munthu amene wakataya mphaka kuthengo asaganize kuti wathana nalo vuto. Wangolisamutsira kwa timba, mpheta, pumbwa ndi njiŵa.

M'Malaŵi muli mitundu ya mbalame yoposa 600, ndipo zambiri mwa izo zimatithandiza kuminda pakudya mbozi, dzombe ndi tizilombo tina toononga mbewu. Sitikunena kuti mphaka yekha ndiye akuzitha. Kudula mitengo mosasamala, moto wa tchire, ulimbo ndi malegeni a anyamata athu zonsezi zili ndi mlandu wake. Koma mwa adani onseŵa, mphaka ndiye amene amagona pakhomo pathu ndi kudya m'manja mwathu, kotero kuti nkosavuta kuchitapo kanthu pa iye.

Mphaka wokalamba amene akudya bwino amakonda kugona padzuŵa, ndipo kusaka kwake kumachepa. Koma akakhala ndi njala, mphamvu zolimbana ndi makoswe akuluakulu alibenso, ndiye amafuna chogwira mosavuta. Amachipeza mwa tiana ta mbalame tongotuluka kumene m'chisa, timene timatha masiku angapo tikudumphadumpha pansi tisanadziŵe kuuluka bwino, ndiponso mwa anapiye a pakhomo. Akagwira mwanapiye timamtcha wakuba ndi kumponya miyala, chonsecho njala imene yamtuma tampatsa ndife.

Kuzindikira ukalamba wake

Mphaka amakalamba msanga kuposa ife. Madokotala a ziŵeto amaŵerengera kuti mphaka wa zaka 2 ali ngati munthu wa zaka 24, ndipo kuchokera pamenepo chaka chake chimodzi chimafanana ndi zaka zathu 4. Motero mphaka wa zaka 10 ali ngati munthu wa zaka 56, ndipo wa zaka 15 ali ngati gogo wa zaka 76. Wosamalidwa bwino amatha kufika zaka zimenezi, ngakhale kupitirira.

Mphaka ndi nyama yobisa ululu, choncho mwini wake ayenera kukhala watcheru. Akayamba kumwa madzi ambiri, kukodza kaŵirikaŵiri ndi kuwonda, nthaŵi zambiri zimakhala impso zimene zayamba kufooka, pakuti nthenda imeneyi njofala pakati pa amphaka okalamba. Akamazengereza kulumphira pampando kapena pazenera pamene ankakwera mosavuta, ndiye kuti mfundo za miyendo zikumpweteka. Akamafika pambale nangonunkhiza, kapena kutafunira mbali imodzi uku akuchucha dovu, muyang'aneni m'kamwa, mwina mano ndi usinini zavunda. Ubweya ukayamba kupotana, dziŵani kuti sakuthanso kudzinyambita thupi lonse, ndipo afunika kumpesa pang'onopang'ono. Zikhadabo zakenso zimakula ndi kupindika, mwina mpaka kulasa chikhatho, chifukwa sakuzinolanso pamtengo monga kale.

Pali chinthu chimodzi chimene chaphetsa amphaka ambiri osalakwa. Mphaka wokalamba nthaŵi zina amalira mokweza pakati pa usiku, nayendayenda ngati wasokera m'nyumba yake yomwe, ndipo anthu ena amathamangira kunena kuti ndi wa afiti. Chimene chimamliritsa ndi ukalamba womwewo. Makutu ake agontha kotero kuti sadzimva kukweza kwa mawu ake, maso achita chidima, ndipo mutu umasokonezeka monga zimachitikira ndi nkhalamba zina. Kumuyankhula ndi kumsisita pang'ono kumamtonthoza. Zizindikiro zonsezi zikaoneka, ndi bwino kukaonana ndi dokotala kapena mlangizi wa ziŵeto wa m'dera lanu.

Chakudya ndi mankhwala

Mphaka ndi nyama yodya nyama, ndipo thupi lake silingakhale bwino ndi mkute wa nsima wokha. M'nyama ndi m'nsomba muli zinthu zimene akazisoŵa kwa nthaŵi yaitali maso ake amaonongeka ndipo mtima umafooka. Sikuti pafunika ndalama zambiri ayi. Usipa kapena matemba ophika mpaka kufeŵa, dzira lophika, ndi tizidutswa ta nyama pa tsiku lopha nkhuku, nzokwanira kumthandiza. Wokalamba mumpatse pang'onopang'ono katatu kapena kanayi pa tsiku, chakudyacho chikhale chofeŵa ndi chofunda pang'ono kuti fungo lake limkope. Mpatulireni chake musanathire mchere, anyezi kapena adyo, chifukwa anyezi ndi adyo zimaononga magazi a mphaka. Mkaka wa ng'ombe umatsegula m'mimba amphaka ambiri akuluakulu. Chimene afuna koposa ndi madzi abwino, osasoŵa m'mbale yake usana ndi usiku.

Pa za mankhwala tikuchenjezani kolimba. Musayerekeze kumpatsa mphaka Panado kapena mankhwala ena a anthu opha ululu, ngakhale mwamumvera chisoni chotani. Chiŵindi chake sichitha kusungunula mankhwala ameneŵa, ndipo m'bulu umodzi wokha ungathe kumupha. Samalaninso ndi mankhwala a makoswe. Khoswe akadya poizoni amayenda mofooka, ndipo ndi yemweyo amene mphaka wokalamba amatha kumgwira, naye nafa. Pomaliza, katemera wa chiwewe sali wa agalu okha. Mphaka nayenso amatenga nthendayi ndipo angathe kupatsira ana athu pakuwaluma, choncho pa tsiku la katemera mtengeni nayenso.

Kuteteza mbalame

Ngakhale mphaka wokhuta amasaka, pakuti ndi chibadwa chake, koma kusakako kungathe kuchepetsedwa. Mu 2021 akatswiri a pa yunivesite ya Exeter ku England adalengeza zimene adapeza atayesa amphaka 355 a m'mabanja 219. Amphaka amene adapatsidwa chakudya cha nyama yambiri adachepetsa nyama zimene ankabwera nazo kunyumba ndi magawo 36 pa 100 alionse. Amene eni ake ankaseŵera nawo kwa mphindi 5 mpaka 10 tsiku lililonse adachepetsa ndi magawo 25 pa 100. Belu la m'khosi, limene ambiri amalikhulupirira, silidaonetse kusintha kwenikweni pa kuyesaku. Apa tikuona kuti chakudya chimene chimasunga moyo wa mphaka wokalamba ndi chomwechonso chimene chimapulumutsa mbalame.

Ntchito ya kuseŵera naye ikuyenera inu ana ndi achinyamata. Mangani nthenga za nkhuku kapena kansanza kunsonga ya chingwe, muzikoka pansi kuti iye azilondola ndi kumbwandira. Kwa wokalamba kokani pang'onopang'ono, ndipo mlekeni agwire kuti mtima wake ukhutire. Maseŵera otere amaongolanso miyendo yake youma ija.

Nthaŵi yoopsa kwambiri kwa mbalame ndi chisisira ndiponso mbandakucha, pamene izo zili kalikiliki kufuna chakudya ndipo mphaka akuona bwino kuziposa. Mloŵetseni m'nyumba dzuŵa likamaloŵa, ndipo mumtulutse litakwera ndithu, makamaka m'miyezi ya dzinja pamene mbalame zambiri zimaswa. Mwina mufunsa kuti nanga makoswe adzagwidwa ndi yani. Mtsekereni m'chipinda chimene mumasungamo matumba a chimanga, pakuti makoswe amene amatisautsa ali momwemo. Muikireni katoni yoyalamo chiguduli pamalo ofunda, ndi beseni lakale lalifupi lothiramo mchenga loti azidzithandiziramo, ndipo mchengawo muzisintha tsiku ndi tsiku. Kugona m'nyumba kumamtetezanso ku chisanu, kwa agalu ndi ku ndewu za amphaka anzake, zimene wokalamba sangazipirire.

Chatsala ndi kuswana, kumene kudadzetsa tsoka pa Marion paja. Mphaka wamkazi angathe kutenga bere ali ndi miyezi 4 mpaka 6 yokha. Bere lake limatha masabata 9, ndipo amatha kuswa kaŵiri kapena katatu pa chaka. Banja limodzi silingasunge ana onsewo, ndipo otsalawo ndi amene amathera m'thumba lija. Madokotala a ziŵeto amafula amphaka aamuna ndi kuchita opaleshoni yotseka kubereka kwa aakazi, ndipo ku Lilongwe bungwe la LSPCA limagwira ntchito imeneyi. Mphaka wofulidwa salekera pomwepo kugwira makoswe, koma amaleka kuyenda mitunda italiitali ndi kumenyana usiku.

Masiku ake omaliza

Idzafika nthaŵi pamene mphaka wathu sadzathanso kudya kapena kudzuka. Ngati ululu wamkulira ndipo palibe chiyembekezo chakuti achira, dokotala wa ziŵeto angathe kumbaya jakisoni womgonetsa kuti afe mopanda kuvutika. Imeneyo ndi njira yachifundo, yosiyana kutali ndi kukamsiya kudambo kuti afe ndi njala kapena kulumidwa ndi agalu. Akafa mumkwirire mozama, makamaka ngati wafa ndi jakisoni kapena poizoni, kuopa kuti nyama zina zingamfukule ndi kufa nazonso.

Makolo, kumbukirani kuti ana amaona zonsezi. Mwana amene waona chiŵeto chikutayidwa chifukwa chakuti ntchito yake yatha amasunga phunziro limenelo mumtima, ndipo tsiku lina adzakhala ndi nkhalamba zina zoti azisamale. Chifukwa chake, musanakapemphe kamwana ka mphaka kwa anansi, khalani pansi monga banja ndi kugwirizana za amene azikapatsa chakudya, kumene kazigona usiku, ndi tsiku limene mudzapite nako kwa dokotala wa ziŵeto. Ŵerengerani zaka 15 zakutsogolo, ndipo ngati mwaona kuti simungathe, ndi bwino kutchera misampha ya makoswe ndi kumsiya mphakayo kwa amene angamsunge mpaka ukalamba wake.