Bwalo la ku Boston: akonza pakati, m'mbali mudakali zii

Pa 18 Novembala 2022, meya wa mzinda wa Boston ku America, Michelle Wu, anatsegula bwalo la kutsogolo kwa likulu la khonsolo ya mzindawo litakonzedwanso. Ntchitoyo inayamba mu 2020 ndipo inadya ndalama pafupifupi madola 95 miliyoni. Anabzala mitengo 250, anaika malo okhala anthu 3,000, anamanga posewerera ana ndi zimbudzi. Kwa ife ogwira ntchito yokonza mapulani a mizinda imeneyi inali nkhani yaikulu, chifukwa bwaloli, City Hall Plaza, lakhala likuphunzitsidwa kwa zaka zambiri ngati chitsanzo cha bwalo lolephera. Funso ndi lakuti, kodi tsopano zatheka?

Ine ndikuti lachira, koma silinachiriretu. Ndifuna ndifotokoze mmene timafikira pa yankho lotere, chifukwa anthu ambiri amayesa kuti kuweruza bwalo ndi nkhani ya maso chabe, wina akonda njerwa wina akonda kapinga. Ena amaganiza kuti pali masamu ovuta amene timabisa m'maofesi. Ayi ndithu. Ntchito yake ndi kuwerenga anthu, ndipo aliyense wokhala ndi kope ndi cholembera akhoza kuigwira.

Pamalopa kale panali Scollay Square, dera la timisewu tothinana, mahotela otchipa, mabala, nyumba za zisudzo ndi timasitolo tambirimbiri. Akuluakulu a mzinda ankachita nalo manyazi, ndipo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960 analigumula, nyumba zoposa 1,000 zinagwa. I. M. Pei anajambula pulani ya dera latsopano la maofesi a boma lotchedwa Government Center. Kampani ya Kallmann, McKinnell & Knowles inapambana mpikisano wa 1962 wojambula nyumba ya khonsolo, chimphona cha konkire chimene chinatha mu 1968. Kutsogolo kwake anayala njerwa zofiira pa malo a maekala pafupifupi 7.

Pa chithunzi zinkakongola, koma kwa woyenda pansi chinali chipululu. Nthawi yotentha njerwa zinkaotcha popanda pobisala dzuwa. Nthawi yozizira, ndipo ku Boston kumagwa chipale chofewa, mphepo inkasesa bwalo lonse popanda choitchinga. Malowo ndi otsetsereka, kuchokera ku Cambridge Street kutsikira ku Congress Street, ndipo chitsetserekocho anachidula ndi masitepe, moti nkhalamba kapena munthu wa pa njinga ya olumala ankayenera kuzungulira. Kasupe amene anamangidwa pakona anatsekedwa chifukwa madzi ankadonthera mu njira ya sitima zoyenda pansi pa nthaka. Mu 2004 bungwe la Project for Public Spaces linati bwaloli ndilo loipa koposa onse padziko.

Komatu bwalo lomweli linkadzaza. Matimu a mzindawo akatenga chikho, anthu ankathithikana pamenepo. Chikondwerero cha nyimbo cha Boston Calling chinkachitikira pomwepo kuyambira 2013 mpaka 2016. Apa ndi pamene ambiri amasokonezeka, makamaka andale. Amaloza chithunzi cha tsiku la chikondwerero nkumati taonani khamu. Khamu loitanidwa silitiuza kanthu, chifukwa ngakhale pamalo oimika magalimoto mukaikapo oimba, anthu abwera. Ife timapita pabwalo Lachiwiri wamba, popanda nduna, popanda ng'oma, nkuona amene afika okha.

Amene anatiphunzitsa zimenezi ndi William H. Whyte, mtolankhani wa ku New York. Mu 1961 mzinda wa New York unakhazikitsa lamulo lakuti womanga nyumba yosanja akasiya bwalo la anthu onse kutsogolo, aziloledwa kuwonjezera kukula kwa nyumbayo kakhumi poyerekeza ndi malo amene wasiya. Mabwalo anachuluka, koma ambiri anali zii, opanda munthu. Whyte anaika makamera pamwamba pa nyumba najambula anthu tsiku lonse, kuphatikizapo pabwalo la Seagram Building limene anthu ankalikonda. Zimene anapeza anazilemba m'buku la 1980, The Social Life of Small Urban Spaces, ndipo nzosavuta kumva. Chachikulu chimene chinkasiyanitsa mabwalo odzaza ndi opanda anthu sichinali kukongola kapena kukula, koma kuchuluka kwa pokhala. Anthu amakonda mpando woti ausunthe okha, ngakhale pang'ono chabe. Wogulitsa chakudya amakoka anthu, ndipo anthuwo amakoka anzawo. Bwalo lokumbika pansi kapena lokwezedwa pamwamba, losaoneka bwino uli mumsewu, anthu amalilambalala. Mu 1975 New York inasintha lamulo lija nkulamula kuti pa masikweya futi 30 aliwonse a bwalo pazikhala futi imodzi ya pokhala.

Mpaka lero kawerengedwe kathu nkomweko. Ndimatenga mapu a malowo, ndimakhala pakona pooneka ponse, ndipo pakapita mphindi zingapo ndimalemba kadontho pamene pali munthu aliyense: wakhala, waima, akudya, akucheza, ali yekha kapena ndi mnzake. Odutsa ndimawawerenga padera, chifukwa kudutsa si kukhala. Dzuwa likamapendeka, madontho amayamba kulankhula. Mumaona kuti benchi yokongola ya pakati palibe waikhudza, pamene kakhoma ka m'mbali mwa maluwa, kotalika kufika m'mawondo, kadzaza anthu mpaka ena akhalira zikwama zawo. Mumaona madontho akusuntha kutsata mthunzi. Ndipo pali chinthu chimodzi chimene ndimayang'ana ndisanayang'ane china chilichonse: amayi alipo angati? Whyte anapeza kuti mabwalo abwino amakhala ndi amayi ambiri kuposa mabwalo ena, chifukwa mayi amasankha malo mosamala. Ngati mayi wakhala yekha, wamasula mwana kumsana, watsegula kontena yake nkuyamba kudya osacheukacheuka, ndiye kuti malowo ali ndi chitetezo, ukhondo ndi ulemu. Palibe lipoti limene lingandiuze zambiri kuposa zimenezo.

Tikayesa bwalo latsopano la Boston ndi muyeso umenewu, kampani ya Sasaki imene inalijambula yagwira ntchito yotamandika. Pokhala pachuluka. Mitengo ikamakula mthunzi uzikulanso, ndipo mphepo izipeza chogunda. M'malo mwa masitepe aja pali njira yotsetsereka pang'onopang'ono imene aliyense angayendemo, ndipo khomo la kumpoto la nyumba ya khonsolo, limene linakhala lotseka zaka zambiri, latsegulidwanso. Zimbudzi anthu amaziona ngati nkhani yaing'ono, koma popanda chimbudzi kholo la mwana wamng'ono kapena munthu wachikulire sangakhale pamalo kupitirira ola. Posewerera ana ndi pamene pasintha zinthu kwambiri. Mu 2023 kanema wa wapolisi akutsetsereka mwaliwiro pa chitsulo chotsetserekapo ana anafalikira pa intaneti, ndipo akuluakulu anayamba kubwera kudzayesa nawo. Ambiri anangoiona ngati nkhani yoseketsa, koma ine ndinaona chinthu chimene bwaloli linasowa kwa zaka zoposa 50: chifukwa choti munthu abwerere yekha, osaitanidwa ndi khonsolo.

Nanga nchifukwa chiyani ndikuti silinachiriretu? Tiyeni tipite ku Siena, ku Italy. Omanga bwalo la Boston ankalifanizira ndi Piazza del Campo ya kumeneko, bwalo la njerwa, lotsetsereka, loyang'anizana ndi nyumba ya khonsolo, Palazzo Pubblico. Pabwalo la ku Sienalo palibe mitengo, mabenchi ndi osowa, komabe anthu amakhala pansi pa njerwa zomwezo mpaka usiku. Chinsinsi chake chili m'mbali. Bwalolo lazunguliridwa ndi nyumba zogundana, pansi pake malesitilanti ndi masitolo, pamwamba pake mawindo oyang'ana pabwalo, ndipo timisewu tambiri timathera pomwepo. Munthu akayenda pang'ono wapeza khomo, akayendanso wapeza lina. Khomo lililonse limatulutsa anthu ndi kulowetsa ena, lililonse pa nthawi yake. A ku Boston anatengera pansi pa bwalolo nkusiya makoma ake.

Tayang'anani zozungulira City Hall Plaza. Kumpoto kuli John F. Kennedy Federal Building, maofesi a boma okhala ndi alonda pakhomo. Kum'mawa kuli nyumba ya khonsolo yomweyo, imene mbali yake yoyang'ana Congress Street ndi chikhoma cha njerwa. Kumadzulo kuli msewu waukulu wa Cambridge Street. Mbali ya kummwera yokha, pamene pali nyumba yakale ya Sears Crescent imene inapulumuka pa kugumula kuja ndi siteshoni ya sitima ya Government Center, ndiyo ili ndi makomo oyandikana. Maofesi a boma amatulutsa anthu nthawi imodzi, akaweruka, ndipo Loweruka ndi Lamlungu amakhala otseka. Zambiri mwa ndalama zija zinagwira pakati pa bwalo. Makoma ozungulira ali pafupifupi monga analili mu 1968.

Umboni uli kutsidya kwa msewu. Mukangodumpha Congress Street mwafika ku Faneuil Hall ndi Quincy Market, msika wakale umene unatsegulidwanso mu 1976 utakonzedwa ndi Benjamin Thompson ndi James Rouse. Kumeneko ndi piringupiringu, chifukwa kuli chakudya, kuli makomo mbali zonse, kuli ochita masewero a mumsewu. Nyengo ndi yomweyo, anthu ndi omwewo, mtunda wake ndi wa mphindi ziwiri. Kwa zaka zambiri anthu ankatsika sitima pa Government Center nkudutsa bwalo la khonsolo mothamanga kupita kumsikako. Ndikudziwa kuti ena amadandaula kuti Quincy Market yasanduka ya alendo odzaona malo, ndipo kuti kumeneko munthu amalandiridwa bwino akakhala ndi ndalama m'thumba. Dandaulo limeneli ndi loona, ndipo nchifukwa chake bwalo la khonsolo ndi lofunika: pamafunika malo amene wopanda tambala angakhalepo tsiku lonse osafunsidwa kuti akugula chiyani. Koma malo oterowo amafunabe makomo.

Amene amakhala ku Lilongwe akuidziwa bwino nkhaniyi ngakhale sanafikeko ku Boston. Mu 1968, chaka chomwe nyumba ya khonsolo ya Boston inatha, kwathu kunakhazikitsidwa Capital City Development Corporation kuti imange likulu latsopano, ndipo boma linasamuka ku Zomba mu 1975. Maganizo a nthawi imeneyo anali amodzi m'mayiko ambiri: maofesi paokha, misika payokha, nyumba zogona pazokha, pakati pake mipata yotakata ndi misewu ya magalimoto. Pitani ku City Centre Lamlungu masana, mukaone malo okonzedwa ndi akatswiri ali zii. Kenako tsikirani ku Old Town, ku Malangalanga ndi kudepoti, kumene munthu amasowa popondera. Sindikuyamikira matope ndi kuthithikana kwa kumeneko, anthu amene amagulitsa ndi kugula kumeneko akuyenera zabwino koposa izo. Ndikungoti moyo wa mzinda umatsata makomo ndi malonda, sutsata pulani. Ndipo tikamakamba zochotsa mavenda m'tauni, monga zinachitikira pa Operation Dongosolo mu 2006, tizikumbukira kuti wogulitsa chimanga chootcha ndi amene amachititsa kuti pakona pakhale maso mpaka madzulo. Chofunika nkumupatsa malo odziwika, madzi ndi potaya zinyalala, osati kumuthamangitsa kenako nkumadabwa kuti amayi akuopa kudutsapo.

Tibwerere ku Boston. Chilimwe masana, ana ali posewerera, ogwira ntchito atuluka kudzadya, bwaloli lasiya kukhala chipululu, ndipo amene analijambula ayenera kuyamikiridwa. Mayeso ake enieni ndi Lachiwiri madzulo mu Febuluwale, maofesi atatseka, kunja kwada msanga, mitengo yayoyola masamba. Pa nthawi imeneyo pokhala 3,000 paja sipangathandize, chifukwa palibe windo lowala kapena khomo lotsegula loti likoke munthu. Khonsolo ikhoza kumadzaza mpatawo ndi zochitika, misika ya pa nyengo, oimba ndi ziwonetsero, ndipo izi nzabwino, koma zimadya ndalama chaka ndi chaka, ndipo bajeti ikachepa ndizo zimayamba kudulidwa.

Nditafunsidwa chochita, sindingawonjezere mtengo ngakhale umodzi. Ndingayambe ndi zipinda zapansi za nyumba zozungulira bwalolo, kuzibowola makomo oyang'ana pabwalo nkuzibwereketsa motchipa kwa ophika chakudya, ogulitsa mabuku ndi ometa tsitsi, pa pangano lakuti azitsegula mpaka usiku ndiponso Lamlungu. Kumene khoma silingabowoledwe, monga ku nyumba ya boma ya kumpoto ija, ndingamange mzere wa timasitolo kutsogolo kwake, ngakhale bwalo lichepe. Maekala 7 ndi ambiri kale. Ntchito imeneyi ndi yovuta kuposa kubzala mitengo, chifukwa nyumbazo zili ndi eni osiyanasiyana, ina ndi ya khonsolo, ina ya boma lalikulu la ku Washington, zina za anthu a bizinesi, ndipo aliyense ali ndi malamulo ake a chitetezo ndi a lendi. Imafuna meya wolola kukhala pansi ndi onsewo kwa zaka, podziwa kuti tsiku lotsegula kasitolo ka ometa tsitsi sipadzabwera atolankhani.