Chomera Chosaopa Chisanu

M'miyezi ya Juni ndi Julaye usiku wa ku Lilongwe umazizira koopsa, mwina mpaka kutsika pansi pa madigiri 10. Nthaŵi imeneyi nkhwani umakhala utauma, bonongwe naye amamera mwaulesi, ndipo timinda ta kuseri kwa nyumba ku Kawale, ku Biwi kapena ku Chinsapo timangooneka mbuu. Koma pamakomo ena pamapezeka chitsamba chobiriŵira ngati kuti chisanu sichichiona. Kaŵirikaŵiri mwini khomo sadziŵa dzina lake; anachipeza poloŵa m'nyumbamo, kapena anapatsidwa kamuzu ndi mnansi. Tsono poti ndiwo zamasamba zasoŵa, maganizo amathamangira kumphika.

Chomera chotere chikhoza kukhala mlendo wochokera kumaiko ozizira, amene ngakhale agogo akumudzi sangamzindikire. Mmodzi mwa alendo ameneŵa ndiye comfrey, amene kwawo ndi ku Ulaya ndi kumapiri a Caucasus. Mtundu wake wotchuka, wotchedwa Bocking 14, anausankha Lawrence Hills ku England m'zaka za m'ma 1950. Mtunduwu subereka mbewu zomera. Umafala ndi zidutswa za muzu basi, nchifukwa chake umayenda pamanja kuchokera khomo lina kupita lina, dzina n'kutayika panjira.

Kumzindikira sikuvuta kwa munthu wofatsa. Tsamba lake ndi lalitali, losongoka, ndipo poliona patali munthu angati ndi fodya. Koma fodya amamera masamba paphesi lalitali ndipo amamata m'manja, pamene masamba a comfrey amatuluka pansi penipeni mothithikana, ali ndi ubweya wokhakhala umene umayabwa. Amasiyananso ndi chomoliya, chimene tsamba lake ndi losalala ndipo limanunkhira ngati kabichi. Maluŵa a comfrey ndi ang'onoang'ono, ofiirira, olendeŵera ngati timabelu. Umboni wotsiriza uli pansi: muzu wake ndi wakuda kunja, woyera mkati, ndipo ukathyoledwa umaterera ngati therere.

Chitsambachi si ndiwo, ndiponso si tiyi, ngakhale ena amachitama kuti ndi mankhwala. Muli ululu umene umaononga chiŵindi pang'onopang'ono, munthu osamva kanthu m'mimba tsiku lomwelo. Mu 2001 bungwe loyang'anira zakudya ndi mankhwala ku America linalangiza kuti mankhwala akumwa opangidwa ndi comfrey achotsedwe pamsika. Ntchito yake yeniyeni ili m'nthaka. Masamba ake ali ndi potashi wambiri ndipo amaola msanga. Akayalidwa patsinde pa matimati, kapena akaviikidwa mumgolo wa madzi kwa milungu ingapo, amasanduka manyowa abwino, kungoti fungo la madziwo anansi sangaliyamikire. Wobzala asankhe malo mosamala, pakuti kamuzu kalikonse kotsala m'dothi kamaphukanso.

Ngati zizindikirozi sizikugwirizana ndi chomera cha pakhomo, mwini wake atenge nthambi yokhala ndi masamba ndi maluŵa, pakuti tsamba lokha limanyenga ngakhale akatswiri. Aiyale pakati pa nyuzipepala, apanikize ndi njerwa, alembe tsiku ndi malo amene waidula, kenaka apite nayo kwa mlangizi wa zaulimi. Zikakanika kumeneko, pali bungwe la National Herbarium and Botanic Gardens of Malawi, lokhazikitsidwa mu 1987, limene lili ndi munda ku Lilongwe ndipo limasunga zitsanzo za zomera zouma ku Zomba.