Chambo, Green ndi gofu: moyo wa pa khonde la kalabu ku Blantyre

Kumunsi kwa Victoria Avenue, ukangopatuka pang'ono kusiya phokoso la maminibasi ndi mavenda, kuli geti lolowera ku Blantyre Sports Club. Kalabuyi idakhazikitsidwa mu 1896, patangotha zaka 20 amishoni a ku Scotland atafika n'kuyambitsa mishoni ya Blantyre. Mkati mwake muli kapinga wometedwa bwino, mitengo ikuluikulu yamthunzi, mabwalo a tenisi ndi sikwashi, dziwe losambiramo, komanso timagulu ta anthu anayianayi tikulondola kampira koyera. Loweruka masana galimoto zimadzaza poimika, koma ukawerenga amene agwira ndodo za gofu upeza kuti ndi ochepa. Ambiri ali pa khonde, akudya.

Gofu ndi masewero oyenda ulendo. Kumaliza mabowo 18 kumatenga maola anayi kapena kuposerapo, ndipo munthu amakhala atayenda makilomita angapo, dzuwa la Okutobala likumuwotcha pakhosi kapena chiperoni cha mu Julayi chikumulowa m'mafupa. Akamachoka m'bwalo amakhala ndi njala komanso ludzu, n'chifukwa chake kawirikawiri bwalo la gofu silikhala lopanda khitchini ndi bala. Osewera amachita kuseka kuti balayo ndiye bowo la nambala 19. Kumeneko ndi komwe amawerengetsera zigoli, ogonja n'kugulira anzawo chakumwa. Palinso mwambo wakale woti amene walowetsa mpira m'bowo pongomenya kamodzi kuchokera poyambira agulire aliyense amene ali m'balamo. Mwayi wotere umabwera kamodzikamodzi, ndipo mwini wake amasangalala mpaka pamene bilu yafika.

Anthu amene sadalowemo amaganiza kuti m'makalabu mumadyedwa zakudya zamaina ovuta kutchula. Ayi ndithu. Chakudya cha pa khonde n'chodziwika kwa aliyense wa mu Blantyre: tchipisi ndi nkhuku, nyama yootcha, masamusa, masangweji, mpunga wa curry, ndipo koposa zonse chambo. Chimabwera chathunthu, mutu ndi mchira zili pomwepo, khungu litauma bwino ndi mafuta, pambali pali kagawo ka ndimu ndi saladi wa kabichi ndi tomato. Wina amachiyamba ndi foloko ndi mpeni mwaulemu wake, koma akafika pa minga amaika zitsulo pambali n'kupinda malaya. Wofuna nsima amaitanitsa nsima, weta n'kubwera ndi madzi osamba m'manja. Botolo la tsabola wa Nali limayenda tebulo ndi tebulo, ndipo amene amati Nali sawawa mokwanira amafunsa kambuzi.

Zakumwa nazo n'zakwathu. Green, monga momwe aliyense amatchulira Carlsberg, imafululidwa mu mzinda womwewu kuyambira 1968, pamene kampani ya ku Denmark idatsegula fakitale yake yoyamba kunja kwa dziko lakwawo. Kuyambira 2016 fakitaleyo ili m'manja mwa Castel. Ena amakonda Kuche Kuche, ena Malawi Gin wothira tonic, ndipo amene akuyendetsa galimoto kapena akubwerera m'bwalo amangoti rock shandy. Ana amathamangira ku dziwe ndi Fanta m'manja.

Sizidali chonchi kale. M'nthawi ya atsamunda makalabu ngati amenewa adali a azungu okhaokha: akuluakulu a boma, amalonda a ku Mandala, eni minda ya fodya ndi tiyi. Amwenye adali ndi makalabu awoawo. Munthu wakuda ankalowa ngati kuki, weta, wodula kapinga kapena wonyamula chikwama cha ndodo, ndipo ankalowera khomo lakuseri. Limbe idakula ndi njanji komanso fodya, makamaka kampani ya Imperial Tobacco itamanga fakitale kumeneko mu 1908, ndipo azungu a kumeneko adali ndi kalabu yawo, Limbe Country Club, yomwe ilipobe mpaka lero. Matauni awiriwa adaphatikizidwa mu 1956, koma makalabu adakhalabe awiri, iliyonse ndi anthu ake. Dziko litalandira ufulu mu 1964 zitseko zidayamba kutseguka pang'onopang'ono, ndipo lero pa khonde pamakhala maloya, madokotala, mabwana a m'mabanki, amalonda achimwenye a ku Limbe ndi azungu ogwira ntchito m'mabungwe, onse patebulo limodzi. Chosankha anthu tsopano ndi thumba.

Amalawi amene adagwirapo ntchito ku Joni amadziwa mtundu wina wa moyo umenewu. Kumeneko kuli midzi yathunthu yomangidwa mozungulira bwalo la gofu, monga Dainfern ku Johannesburg kapena Silver Lakes ku Pretoria, ndipo ku Harare kuli Borrowdale Brooke. Mpanda ndi umodzi kuzungulira nyumba mazanamazana, pa geti pali alonda usana ndi usiku, ndipo mwini nyumba amalipira ndalama mwezi ndi mwezi yosamalira misewu, kapinga ndi chitetezo. Madzulo banja limangoyenda wapansi kapena kukwera kangolo ka gofu kupita ku kalabu kukadya pizza, ana akusewera pa kapinga. Abale athu ambiri amalowa m'midzi yotereyi m'mawa ndi chiphaso chantchito, kukasamalira maluwa, kuphika kapena kulera ana, n'kutulukamo dzuwa likamalowa.

Ku Blantyre nyumba ili kwina, kalabu ili kwina. Mamembala amachokera ku Namiwawa, Sunnyside, Nyambadwe, Mount Pleasant, BCA kapena Mpingwe, komwe aliyense ali ndi mpanda wakewake wa njerwa, waya pamwamba, mlonda ndi galu. Anthu oyandikana nyumba amatha chaka akungoimbirana hutala pa geti. Ku Ndirande kapena ku Bangwe simungamve zotere, chifukwa anthu amakumana pa mpopi, pa chigayo, pa bawo. Kwa anthu a m'mipanda, khonde la kalabu ndilo limagwira ntchito ya pa mpopi. Ndi pomwe amamva kuti wakuti wasamutsidwira ku Lilongwe, kuti mafuta afika pa filing'i iti, kuti sukulu yakuti yakweza fizi. Akuti ndi pomwenso mabizinesi amayambira, ngakhale kuti nkhani zambiri za pamenepo, kunena zoona, zimakhala za Arsenal ndi Manchester United, za Bullets ndi Wanderers, ndi za mpira umene ukadalowa chikhala kuti mphepo sidawombe.

Amene akufuna mpweya wina amatsika msewu wa ku Thyolo mpaka ku Bvumbwe, komwe Game Haven Lodge ili ndi bwalo la mabowo 9 m'kati mwa malo osungira nyama a Chimwenya. Kumeneko mbidzi ndi agwape amadya msipu chapafupi, ndipo mabanja ambiri amapitira nkhomaliro ya Lamulungu basi, osagwira ndodo n'komwe. Kupitirira apo kuli makalabu a m'minda ya tiyi ku Thyolo ndi ku Mulanje, ndipo mbali ina kuli ya kumunda wa nzimbe ku Nchalo.

Khitchini ndi bala si zokongoletsera chabe. Kusamalira bwalo la gofu kumadya ndalama: madzi othirira m'chilimwe, feteleza, dizilo wa makina ometera kapinga, malipiro a antchito. Zipangizo zambiri n'zochokera kunja, ndipo kwacha itagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya zonsezi idakwera. Ndalama za umembala pazokha sizingakwanitse. N'chifukwa chake makalabu amabwereketsa maholo ndi mabwalo awo ku maukwati, zinkhoswe, misonkhano ndi maphwando a makampani a kumapeto kwa chaka. Mabanki, makampani a inshulansi ndi a mafoni amakonza mipikisano ya gofu yomwe imathera pa mgonero ndi kupereka mphoto. Loweruka limodzi ukhoza kuona osewera akunong'onezana pa bowo lomaliza kuti mnzawo asasokonezeke, uku kuseri kwa mpanda wamaluwa DJ akuitana a kuchikazi kuti abwere ndi perekaniperekani. Mamembala akale ena amang'ung'udza, koma ukwati womwewo ndi umene ukuthirira kapinga wawo.

Pali anthu ena amene bwaloli amalidziwa kuposa mamembala: ma caddie, anyamata ndi abambo onyamula zikwama. Amalawira kuchokera m'makomboni, amayenda mtunda womwewo atasenza ndodo zofika 14, amadziwa kumene kapinga amapendekera ndiponso kumene mpira wotayika wabisala. Ambiri a iwo ndi akatswiri pomenya mpira, moti bwana wanzeru amafunsa kaye asanasankhe ndodo. Masewero akatha amalandira ndalama yawo, ndipo nkhomaliro ya ambiri imakhala ya pa chiwaya kunja kwa geti. Membala amene amakumbukira kumugulira caddie wake chakumwa ndi mbale ya chakudya pakati pa masewero amadziwika, ndipo amene saganizako amadziwikanso.

Kodi munthu wamba angalowe? Malamulo amasiyana kalabu ndi kalabu. Kawirikawiri mlendo amalowa poitanidwa ndi membala amene amamulembetsa m'buku, kapena amalipira ndalama ya tsiku limodzi, ndipo pa zochitika monga ukwati khadi loitanira limakwanira. Ndi bwino kufunsa ku ofesi musanatenge banja lonse. Pa khonde jinzi ndi malaya wamba sizivuta, koma wolowa m'bwalo amayenera kuvala malaya a kolala. Ana musawalole kuthamangira pa kapinga wosalala wozungulira bowo, ngakhale awakope bwanji, ndipo mukamva wina akukuwa kuti “Fore!” musacheuke kuti muone: weramani, phimbani mutu ndi manja, mpira ukubwera.