Batire Laling'ono la M'belu la Alamu

M'mizinda ya Blantyre, Lilongwe ndi Mzuzu, ngakhalenso m'maboma ena kumene kuli masitolo ndi nyumba zosungiramo katundu, pa zipupa zina pamaoneka kabokosi kokhomedwa m'mwamba pafupi ndi denga. Kameneka ndi belu la alamu yochenjeza za akuba, limene amisiri amalitcha sairini. Eni nyumba ambiri amadziŵa kuti alamu yao ili ndi batire, koma ndi oŵerengeka amene amazindikira kuti kaŵirikaŵiri mabatirewo amakhala aŵiri. Lalikulu limakhala m'bokosi la m'nyumba lotchedwa panelo, ndipo laling'ono limakhala panja m'kati mwa belu lenilenilo. Nkhani ya sabata ino ikukhudza laling'onoli, pakuti limafa popanda chizindikiro, ndipo mwini wake angathe kudzadziŵa za imfa yake m'maŵa mbala zitapita kale.

Amene anakonza makinaŵa anadziŵa kuti mbala yochenjera imayamba yadula waya. Tsono anapanga belu loti lizilira waya akaduka. Usana ndi usiku panelo imatumiza mphamvu ya mavolti pafupifupi 13.8 kupita ku belu, ndipo mphamvuyi imagwira ntchito ziŵiri: imatchaja batire laling'ono lija, komanso imakhala ngati uthenga wouza belu kuti m'nyumba muli mtendere. Uthengawu ukaleka kufika, kaya waya wadulidwa kaya panelo yaphwanyidwa, belu limayamba kulira lokha ndi mphamvu ya batire lake. Mulinso timaswitchi pa chivundikiro ndi kumsana kwa kabokosi, timene timaliza belu munthu akatsegula kapena akalikanganula pa chipupa. Komabe si belu lililonse limene lili ndi batire. Ena otsika mtengo ndi lipenga chabe la mawaya aŵiri, ndipo waya akaduka amangoti zii. Nkoyenera kuyamba waŵerenga kabuku kake kapena kufunsa amene anaika alamuyo.

Dandaulo limene limamveka kaŵirikaŵiri ndi lakuti belu limalira magetsi akangozima. Mwini nyumba amakwiya, anansi nao amasoŵa tulo, ndipo mlandu wonse umagwera belu la panja. Apa belulo lanamiziridwa. Kulira kwake ndi umboni wakuti batire lake lili moyo. Lafa ndi lalikulu la m'panelo, limene nthaŵi zambiri limakhala la mtovu ndi asidi, la mavolti 12. Magetsi atazima, batire lalikululi linayenera kupitiriza kutumiza uthenga uja, koma popeza lalephera, belu layesa kuti waya wadulidwa.

Vutoli limakula m'nyengo ya kuzimazima kwa magetsi. Mu Januwale chaka cha 2022 namondwe wotchedwa Ana anaononga malo opangira magetsi a Kapichira pa mtsinje wa Shire, ndipo dziko la Malaŵi linataya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthaŵi yopitirira chaka. Batire la mtovu silipirira kutheratu mphamvu tsiku ndi tsiku, makamaka pamene magetsi abwera kwa maola ochepa osakwanira kulidzazanso. Lalikulu likafooka, belu limalira pa kuzima kulikonse kufikira koloko yake ya m'kati italidula, zimene pa mabelu opangidwa motsata malamulo a ku Ulaya zimachitika pasanapitirire mphindi 15. Kulira kotereku kukabwerezedwa masabata ambiri, laling'ono nalo limatopa. Imfa ya lalikulu imakoka linzake, ndipo tsiku limene belu lileka kusokosa magetsi akazima, mwini nyumba amene sanakonze kanthu asayese kuti vuto latha lokha.

Ambiri amayesa alamu podina mabatani a pakhomo, belu nkulira, mtima nkukhala pansi. Kuyesa kumeneku nkwabwino, koma sikunena kanthu za batire laling'ono, chifukwa pa mabelu ambiri mphamvu yolirira pa nthaŵi imeneyi imachokera ku panelo. Batire lingakhale litafa zaka ziŵiri zapitazo, belu lilira ndithu.

Kuyesa koona ndiko kuchita zimene mbala ingachite. Ntchitoyi ichitike masana, anansi ndi alonda atauzidwa, ndiponso kampani ya chitetezo itadziŵitsidwa ngati alamuyo imatumiza uthenga kumeneko. Mmisiri amaloŵetsa nambala yake yachinsinsi kuti panelo ilole kutsegulidwa, kenaka amamasula waya amene amapititsa mphamvu ku belu. M'bokosi limeneli mumafikanso magetsi a mavolti 230 amene amapha munthu, choncho wosadziŵa mawaya asatosemo dzanja; safunsa anadya phula. Waya uja akangomasulidwa, makutu ndiwo amaweruza. Batire lamoyo limaliza belu mwamphamvu mphindi yathunthu mau osasintha. Lofooka limayamba bwino, koma posakhalitsa mau amasasa ngati a tambala wodwala chitopa, nkuzilala. Lakufa silitulutsa ngakhale kamphuu. Pali chinthu chimodzi chosokoneza: mabelu ena amakono ali ndi njira yowakhazika chete pamene mmisiri akugwira ntchito, ndipo njirayi ikakhala yotsegula, belu labwinobwino limaoneka ngati lakufa.

Belu likalephera mayesoŵa, pafunika makwerero. Choopsa pamwambapo si magetsi, pakuti mavolti ake ndi ochepa, koma phokoso. Sairini imapitirira madesibelo 100, ndipo ikalira modzidzimutsa pafupi ndi khutu munthu angathe kutaya makwerero. Wina agwire makwererowo pansi, wokwerayo atseke makutu ndi zotsekera, ndipo ayembekezere kulira pamene akumasula chivundikiro.

Maso amaona zambiri mita isanagwire ntchito. Batire lotupa, kapena lotuluka ufa woyera ngati mchere m'mbali mwake, latha ntchito. Timawaya tobiriŵira ndi nguwe timasonyeza kuti madzi a mvula akhala akuloŵa. Si zachilendo kupezamo chisa cha mavu, nyerere kapena mazira a nalimata, pakuti kabokosika nkofunda ndiponso kobisika. M'mabelu ambiri batire limakhala mtolo wa timabatire ta NiCd kapena NiMH, kalikonse ka mavolti 1.2, kotero kuti tisanu ndi kamodzi timapanga mavolti 7.2. Mtolo wotere ukadzaza umasonyeza mavolti 8 kapena kupitirira pang'ono pa mita yoyezera magetsi. Ukasonyeza 6 chabe utatchajidwa tsiku lathunthu, ndiye kuti kamodzi mwa timabatireto kafa, ndipo mtolo wonse uyenera kusinthidwa.

Koma mita payokha imanama. Batire lokalamba lingathe kusonyeza nambala yabwino pamene silikugwira ntchito, nkugwa pompo likapatsidwa katundu. Nchifukwa chake mmisiri wodziŵa amayeza belu likulira, kapena amalumikiza kababu kakang'ono ku batire nkumayang'ana mita kwa mphindi imodzi. Nambala ikatsika pang'ono nkuima, zili bwino. Ikamatsetsereka osaleka, palibenso chokambirana.

Asanagule latsopano, munthu ayezenso mphamvu imene ikufika pa belu kuchokera m'nyumba. Iyenera kupitirira mavolti 13. Ikakhala kulibe, mwina fyuzi ya belu m'panelo yapsa, kapena makoswe atafuna waya kudenga. Ikakhala yochepa, mwina waya ndi wautali ndi woonda kwambiri, kapena polumikiza pachita dzimbiri. Batire latsopano loikidwa pa waya wotere lifa ndi njala ngati lakale lija. Zimathekanso kutembenuka: batire loonongeka m'kati limakoka mphamvu yochuluka mpaka kupsereza fyuzi, ndipo wosintha fyuzi yokha amabwerera pa makwerero sabata yamaŵa.

Nthaŵi zambiri mabatireŵa amakhala zaka zitatu kufikira zisanu, koma kutentha kumafupikitsa moyo wao. Pa batire la mtovu, limene limapezekanso m'mabelu ena, kutentha kukakwera ndi madigiri pafupifupi 10 pamwamba pa 25, zaka zake zimadulidwa pakati. Belu lokhomedwa pa chipupa choyang'ana kumadzulo ku Chikwawa kapena ku Nsanje, lopsa ndi dzuŵa la Okutobala, silingafanane ndi linzake la pamthunzi ku Dedza.

Latsopano likhale la mavolti ofanana ndiponso la mtundu womwewo, pakuti chotchajira cha m'belu chinapangidwira mtundu umodzi. Waya wofiira apite pa chizindikiro cha mtanda. Mabelu ambiri amalira batire likangolumikizidwa, choncho m'makutu mukhalebe motseka. Tsiku losinthira lilembedwe pa batirelo ndi m'kati mwa chitseko cha panelo, ndipo mayeso omasula waya aja abwerezedwe pakapita maola 24, batire litadzaza. Lakale lisaponyedwe pamoto, m'chimbudzi kapena kudzala kumene ana amatola zoseŵeretsa, chifukwa kadimiyamu ndi mtovu ndi poizoni. Mmisiri alitenge, kapena liperekedwe kwa amene amasonkhanitsa mabatire otha ntchito.